Ulendo wapansi m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Chiweta mpaka ku Usisya

Wongani, Chibavi:
Moni nonse a pagulu lino, makamaka makolo ndi akuluakulu athu. Ine ndi anzanga angapo a kuntchito tikukonza ulendo wapansi wa m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chiweta, kudzera ku Mlowe, Tcharo ndi Ruarwe, mpaka kukafika ku Usisya, aliyense atabereka katundu wake kumsana. Maganizo athu ndi akuti tikwere minibasi m'mamawa ku depoti ya kuno ku Mzuzu, tikatsike pamunsi pa chitunda cha Chiweta, ndipo kuyambira pamenepo tisakwerenso kanthu. Tchuthi chathu chili mu Julayi, ndipo pagulu lathu pali alongo athu awiri amene sanayendepo ulendo wotere. Tikupempha amene anabadwira kumeneko kapena amene anayendapo njirayi kuti atiuze za malo ogona, za madzi akumwa, za nyengo, komanso ngati n'zotheka kupitirira wapansi mpaka ku Nkhata Bay.

Bambo Chirwa, Katoto:
Mwafunsa bwino, mwana wanga, ndipo ndakondwa kuti achinyamata a mumzinda uno ayamba kufuna kuona kwathu ndi mapazi awo. Kwathu ndi ku Usisya, choncho ndiyambe ndi chinthu chimene mapu a pafoni sangakuuzeni. Njira imeneyi siyenda pamchenga ayi. Anthu ambiri akamva kuti m'mbali mwa nyanja amaganiza za gombe la ku Chintheche, kumene munthu amayenda opanda nsapato mafunde akumunyambita mapazi. Kumpoto kwa Usisya mapiri amagwera m'nyanja mwachindunji, ndipo midzi inakhala m'timagombe ting'onoting'ono pamene mtsinje watsegula chigwa. Kuti muchoke pamudzi wina kufika pa wina, muyenera kukwera mphuno ya phiri imene yalowa m'madzi, kenako kutsetsereka mpaka pagombe lotsatira, ndipo mukatero mupezanso chitunda china chikukudikirani. Zimenezi zimachitika tsiku lonse. N'chifukwa chake mtunda umene pamapu ukuoneka waufupi umadya maola ambiri, ndipo maondo ndi amene amayamba kudandaula, makamaka potsika.

Kuchokera ku Chiweta kufika ku Mlowe kuli msewu wafumbi, ndipo gawo limenelo silivuta. Kuvuta kumayamba mukadutsa Mlowe kulowera ku Tcharo, ndi kuchokera ku Tcharo kupita ku Ruarwe. M'malo ena njira ndi yopapatiza moti anthu awiri sangapatukirane bwino, dzanja limodzi kuli thanthwe, dzanja lina kuli phompho, pansi pake madzi obiriwira amene simuona pothera pake. Musadabwe ndi zimenezo, chifukwa malo akuya kwambiri a nyanja yathu, opitirira mamita 700, ali mbali yomweyi ya kumpoto kwa Nkhata Bay. Kuchokera ku Ruarwe kufika ku Usisya ndi pafupifupi makilomita 20, ndipo anthu ozolowera amanyamuka m'mamawa n'kufika masana, koma inu ndi zikwama zanu muwerengere tsiku lathunthu. Ulendo wonse muupatse masiku anayi kapena asanu, ndipo muwonjezere ena awiri ongodikirira.

Tiyamike, Zolozolo:
Achimwene a Wongani, ine ndikuona ngati mwayamba ndi njira yovuta kwambiri. Popeza ena mwa inu sanayendepo, bwanji osayamba ndi kumwera, kuchokera ku Chintheche kudzera ku Bandawe mpaka ku Kande? Kumeneko dziko ndi lathyathyathya, mchenga ndi wambiri, malo ogona alendo alipo, ndipo msewu wa M5 suli patali, moti munthu akadwala kapena akatupa phazi amangotulukira kumsewu n'kuimitsa galimoto. Kuchokera ku Mzuzu kufika ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50, ndipo Chintheche ali pafupifupi makilomita 40 kumwera kwake, choncho ngakhale ndalama ya thiransipoti ndi yochepa.

Bambo Chirwa, Katoto:
Zimene mwanena n'zoona, mwana wanga Tiyamike, ndipo ndingalangize kuti ayambe ndi kumeneko Loweruka lina pofuna kuyesa nsapato ndi kulemera kwa zikwama. Koma maulendo awiriwa si ofanana. Kumwera munthu amakhala mlendo wa malo ogona alendo, pamene kumpoto amakhala mlendo wa mudzi, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene ndikufuna kuti a Wongani akumvetse asananyamuke.

Mayi NyaMhango, Luwinga:
Adada a Chirwa afika pamutu umene ndimafuna kulankhulapo. Amayi anga ndi a ku Ruarwe, ndipo mpaka lero kulibe msewu wa galimoto umene umafika pamudzi umenewo. Munthu amafikako pa boti, pa Ilala, kapena wapansi. Tanthauzo lake n'lakuti njira imene inu mukuitcha ya ulendo wokaona malo ndiyo msewu waukulu wa anthu akumeneko. Ana a sukulu amadutsa momwemo, amayi osenza chinangwa amadutsa momwemo, ndipo wodwala amene boti lamukanika amanyamulidwa pa machira momwemo. Mukakumana ndi munthu wosenza katundu pamalo opapatiza, inu ndi amene muyenera kuima n'kutsamira kuphiri kuti adutse, ndipo musadutse munthu aliyense osamupatsa moni, ngakhale mutatopa chotani.

Za kogona ndinene mosabisa. Musafike pagombe madzulo n'kungoyamba kukhoma tenti ngati kuti malowo alibe mwini. Gombe lililonse lili ndi eni ake, lili ndi malo okokerapo mabwato, malo a thandala loyanikira usipa, malo osambira abambo ndi malo osambira amayi, ndipo mlendo sangazidziwe zimenezi pongoyang'ana. Mukafika, funsani kwa a nyakwawa kapena kwa mfumu ya mudzi, mukhale pansi, munene kumene mwachokera, kumene mukupita ndi mayina anu. Iwo ndi amene adzakusonyezani pogona, mwina pabwalo la sukulu, pa tchalitchi, kapena pakhomo la munthu. Ubwino wake ndi wakuti uthenga wanu umatsogola, moti mudzi wotsatira umadziwa kuti kukubwera alendo, ndipo mukapanda kufika anthu amayamba kufunsa. Chitetezo chanu chenicheni panjira imeneyi ndi chimenecho.

Kwa alongo anu awiriwo, ndikupempha kuti aliyense atenge chitenje. Poyenda m'phiri angavale buluku popanda vuto, koma polowa m'mudzi ndi popita kwa mfumu amange chitenje pamwamba, ndipo posamba afunse amayi a pamudzipo kuti awatsogolere kumalo awo.

Wongani, Chibavi:
Zikomo kwambiri, amama. Apa pali funso limene takhala tikutsutsana ndi anzanga. Tikalandiridwa pakhomo la munthu n'kutiphikira chakudya, kodi tipereke ndalama? Ena akuti kupereka ndalama n'kunyoza mwini nyumba, pamene ena akuti kuchoka osasiya kanthu n'kudyera anthu masuku pamutu.

Mayi NyaMhango, Luwinga:
Musafunse mtengo ngati muli kulesitilanti, koma musachokenso chimanjamanja. Chimene chimasowa kumeneko si chakudya, chifukwa chinangwa ndi nsomba zilipo, koma zinthu za m'sitolo, zimene zimakwera mtengo chifukwa zimabwera pa boti. Shuga, mchere, sopo, machesi ndi mafuta ophikira ndi mphatso zimene mayi wa pakhomo amazilandira ndi manja awiri. Ndalama mungaipereke potsanzikana, mwaulemu, n'kunena kuti ndi ya sopo kapena ya makope a ana.

A Longwe, Mchengautuwa:
Amama, pamenepa ndisiyana nanu pang'ono. Shuga ndi mafuta n'zolemera, ndipo ana awa akhala akukwera zitunda tsiku lonse. Ine ndikuona kuti ndi bwino kunyamula ndalama zing'onozing'ono n'kumagula zinthuzo m'timaokala ta m'midzi momwemo, chifukwa potero mwini okala wapindula, mwini nyumba walandira mphatso yake, ndipo msana wa woyenda wapepukidwa. Nsomba nazonso azigula pagombe kwa asodzi n'kupita nazo pakhomo pamene agone. Asadalire Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa netiweki imasowa m'zigwa zambiri, ndipo ngakhale itapezeka, si paliponse pamene pali wothandiza kutapa ndalama.

Mayi NyaMhango, Luwinga:
Ndavomera, a Longwe, bola asafike pakhomo la munthu manja ali m'thumba. Ndiwonjezere kuti nsima ya kumeneko ndi kondowole, ndipo amene sanaizolowere adye pang'ono tsiku loyamba, koma asaikane. Kondowole wa nsomba ya batala kapena wa usipa wauwisi ndi chigwada amagwira m'mimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo woyenda wapansi amafuna chakudya chotere.

A Longwe, Mchengautuwa:
Tsopano ndilankhule za mwezi umene mwasankha, chifukwa ndinagwirapo ntchito pa maboti onyamula anthu pakati pa Nkhata Bay ndi midzi ya kumpotoko. Julayi ndi pakatikati pa nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera imene imayamba cha mu Meyi n'kumawomba mpaka mu Ogasiti kapena Sepitembala. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo mwera umathamanga utali wonsewo popanda chouletsa, moti pofika kumpoto kuno mafunde amakhala atakula kwambiri. Ukalimba umatha masiku angapo osaleka, asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndipo maboti a injini amakhala padoko. Kwa inu tanthauzo lake n'lakuti njira yothawirapo imene mukuiganizira, yoti wina akatopa kapena akavulala mungokwera boti, ikhoza kutsekeka tsiku lomwe mukuifuna.

Chimene ndikuopa kwambiri si mwera wokha, koma munthu wofulumira. Mudzapeza woyendetsa boti wina amene, poona ndalama ya alendo a mutauni, adzavomera kunyamuka pamene anzake akana. Ndinaonapo boti litadzaza matumba a usipa, makatoni ndi anthu mpaka madzi kutsala pang'ono kufika pamlomo pake, popanda jekete yodzitetezera ngakhale imodzi, ndipo linanyamuka masana mafunde atakwera kale. Lamulo lanu likhale ili: asodzi achikulire a pagombepo akanena kuti lero nyanja siili bwino, musakwere, ngakhale tchuthi chikutha mawa. Kawirikawiri nyanja imakhala bata m'bandakucha, n'chifukwa chake maboti ambiri amanyamuka kusanache. Ine ndikanakonda kuti musunthe ulendowu kufika kumapeto kwa Sepitembala.

Bambo Chirwa, Katoto:
A Longwe, za mwera sindingakutsutseni, pakuti nyanja mumaidziwa kuposa ine. Koma ana awa akuyenda pamtunda, ndipo kwa woyenda pamtunda Julayi ndi mwezi wabwino. Kumbukirani kuti Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, pamene nyanja ili pa mamita osakwana 500. Munthu wozolowera kuzizira kwa kuno akatsikira kunyanja kumapeto kwa Sepitembala kapena mu Okutobala, dzuwa limamufooketsa nthawi isanakwane 10 koloko m'mawa, matanthwe amatentha, ndipo timitsinje tina timakhala titauma. Miyezi ya mvula ndiye yosayenera n'komwe, chifukwa dera la Nkhata Bay limalandira mvula yambiri imene imapitirira mpaka mu Epulo, njira zimaterera, mitsinje imadzaza ndipo udzu umabisa popondapo. Ine ndikuti apite mu Julayi momwemo, koma akonze ulendo wawo ngati kuti boti kulibe.

A Longwe, Mchengautuwa:
Ngati akonza ngati kuti boti kulibe, ndiye kuti tagwirizana, adada. Chimene sindikufuna n'chakuti alembe papepala kuti tsiku lakuti tikwera boti ku Usisya, mawa lake tili kuntchito.

Bambo Kamanga, Masasa:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo monga mphunzitsi wopuma ndikufuna achinyamatawa adziwe kuti mantha a a Longwe ali ndi mbiri yake. Pa 30 Julayi 1946, sitima ya Vipya, imene inali yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe pafupi ndi Chitimba, pamalo amene azungu ankawatcha Florence Bay, ndipo anthu 145 anamira. Malowo ali pafupi kwambiri ndi pamene inu mukuyambira ulendo, ndipo mwezi wake ndi womwewo umene mwasankha. Ilala imene tikuidziwa lero inabwera pambuyo pa ngoziyo. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Kwa midzi ngati Ruarwe ndi Usisya sitima imeneyi yakhala msika, basi ndi ambulansi kwa mibadwo itatu.

Ndikupemphani kuti musanayambe kulowera kumwera, mupatule tsiku limodzi lokwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba, pa msewu wa Gorodi wokhala ndi makona 20. Mishoni imeneyi inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako Dr Robert Laws anaikweza paphiri la Khondowe mu 1894, makamaka pothawa malungo amene ankapha amishonale m'mbali mwa nyanja. Mukaima pamwambapo mumaona gombe likukhotakhota kulowera kumwera, ndipo mumamvetsa chifukwa chake msewu wa M1 umasiya nyanja pa Chiweta n'kukwera phiri. Ophunzira ambiri a ku Usisya ndi ku Bandawe ankapita kusukulu ya ku Khondowe kudzera m'mbali mwa nyanja momwemu, wapansi kapena pa bwato. Mukadzafika ku Nkhata Bay pobwerera, mukaime pa chipilala cha anthu amene anawomberedwa padoko pa 3 Malichi 1959, pamene ankakana kuti atsogoleri awo omangidwa atengedwe pa sitima ya Mpasa.

Tiyamike, Zolozolo:
Aphunzitsi, Gorodi payekha ndi ulendo wa tsiku lonse pokwera ndi kutsika. Ndikuopa kuti akayamba ndi kumeneko adzafika ku Mlowe miyendo itatha kale. Mwina Livingstonia ausiyire ulendo wina.

Mayi Banda, Chibanja:
Ine ndine namwino, ndipo ndilankhule za thupi lokha. Choyamba ndi madzi. Madzi a nyanja kumeneko amaoneka oyera kwambiri, koma pafupi ndi mudzi anthu amasamba, kuchapa ndi kutsuka nsomba momwemo. Tonse tikukumbuka mmene kolera inavutira m'boma la Nkhata Bay mu 2022, makamaka m'magombe a asodzi. Madzi alionse, kaya a panyanja, a mumtsinje kapena a pachitsime, muwathire WaterGuard n'kudikira mphindi 30, kapena muwawiritse. Mutenge mapaketi a Thanzi okwanira aliyense, chifukwa kutsegula m'mimba pamalo opanda msewu kumafooketsa munthu msanga.

Chachiwiri ndi malungo. Kunyanja udzudzu ulipo chaka chonse, ndipo ife a ku Mzuzu timaupeputsa chifukwa kuno kumazizira. Aliyense agone mu neti, ngakhale m'kalasi kapena mu tchalitchi. Malungo sayamba tsiku lomwe mwalumidwa, amatenga sabata imodzi kapena ziwiri, choncho amene adzamve kutentha thupi atabwerera kuno akayezetse magazi tsiku lomwelo ndipo akanene kuti anali kunyanja.

Chachitatu ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono zimene zimakonda madzi odekha, osaya, a m'mabango ndi pafupi ndi midzi, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba. Pamalo a miyala pamene mafunde amamenya chiopsezo n'chochepa, koma sichitheratu. Mankhwala ake, a praziquantel, sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono, choncho musamwe mutangofika. Dikirani miyezi iwiri kapena itatu, kenako mupite kuchipatala. Ndikuchenjezeninso kuti musasambe kapena kutunga madzi pamathiriro a mitsinje ikuluikulu, monga pamene South Rukuru amalowera m'nyanja cha ku Mlowe, musanafunse eni dera za ng'ona, makamaka madzulo ndi m'mamawa.

Za mapazi ndinene mwachidule: nsapato zikhale zozolowera kale, masokosi akhale ouma, ndipo malo amene ayamba kutentha mumatepo pulasitala tuza lisanatuluke.

Wongani, Chibavi:
Amayi a Banda, zonsezi ndazilemba. Nanga wina atathyoka mwendo kapena kulumidwa ndi njoka pakati pa Tcharo ndi Ruarwe, tingatani?

Mayi Banda, Chibanja:
Zipatala zing'onozing'ono zilipo m'midzi ikuluikulu ya m'njiramo, koma vuto lalikulu limafuna chipatala cha boma ku Nkhata Bay, ku Rumphi kapena kuno ku Mzuzu, ndipo kuti wodwala afikeko pamafunika anthu omunyamula ndi boti. N'chifukwa chake zimene anena amama a NyaMhango ndi nkhani ya umoyonso, chifukwa mudzi umene ukukudziwani ndi umene ungatulutse anyamata ndi machira usiku. Pa njoka, musacheke bala, musayamwe ndipo musamange chingwe cholimba. Wolumidwayo agone, chiwalocho chisagwedezeke, ndipo mumunyamule mwachangu.

Bambo Chirwa, Katoto:
Ndiwonjezere kuti pamudzi uliwonse mupemphe mfumu ikupatseni mnyamata wokuperekezani kufika pamudzi wotsatira, ndipo mugwirizane naye malipiro musananyamuke. Njira zimagawikana kwambiri, zina zimapita kuminda ya chinangwa kumtunda, zina zimathera pathanthwe la asodzi, ndipo kusochera ola limodzi masana kumatanthauza kuyenda mumdima m'mphepete mwa phompho. Muzinyamuka kukangocha, mupume dzuwa likafika pamutu, ndipo pofika 4 koloko madzulo mukhale mutafika pogona. Mapepala a pulasitiki ndi mabotolo anu mubwerere nawo, chifukwa kumeneko kulibe wotola zinyalala, ndipo chilichonse chotayidwa chimathera m'nyanja imene anthu amamwa. Mukafika ku Ruarwe mupumeko tsiku limodzi, mukaone mathithi a mtsinje wa Zulunkhuni, ndipo usiku mukhale pagombe muone asodzi a usipa akuyatsa nyali zawo panyanja ngati kuli bata.

Za funso lanu lomaliza, lopitirira wapansi kuchokera ku Usisya mpaka ku Nkhata Bay, njira zilipo ndipo anthu amayendamo, koma ndi zazitali, zokwera kwambiri, ndipo pa ulendo woyamba sindikulangizani. Pa Usisya dziko limatseguka kukhala chigwa chachikulu chamchenga, ndipo ndi malo abwino othera ulendo. Pobwerera muli ndi njira zitatu: boti la m'bandakucha lopita ku Nkhata Bay ngati nyanja ili bwino, Ilala ikamachokera ku Chilumba, kapena galimoto za matola zokwera msewu wa Bula kubwera ku Mzuzu. Msewu umenewo ndi wotsetsereka kwambiri ndipo galimoto sizipezeka nthawi iliyonse, koma mu Julayi umakhala wouma.

A Longwe, Mchengautuwa:
Ngati mudzasankhe Ilala, dziwani kuti ku Usisya ndi ku Ruarwe kulibe doko loti sitima n'kugunda. Imaima patali, ndipo anthu amatengedwa pa maboti ake ang'onoang'ono, moti mumalowa m'madzi mpaka m'maondo kapena m'chiuno kuti mukwere. Mafoni, ndalama ndi zovala zouma muzikulunge m'majumbo awiriawiri musanafike pagombe. Tsiku ndi ola limene imadutsa zimasintha, ndipo nthawi zina imaima kaye kuti ikonzedwe, choncho mufunse kudoko la Nkhata Bay sabata yomwe mukunyamuka, osati mwezi uno.

Wongani, Chibavi:
Tathokoza kwambiri, makolo athu. Takambirana ndi anzanga ndipo tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tikayesa miyendo ndi zikwama kuchokera ku Chintheche kufika ku Kande monga ananenera achemwali a Tiyamike, Livingstonia tiusiyira ulendo wina, ndipo tipempha masiku awiri owonjezera kuntchito. Amama a NyaMhango, ngati n'kotheka, tikupempha kuti mutumize uthenga kwa abale anu ku Ruarwe kuti adziwitse mfumu za kubwera kwathu.

Mayi NyaMhango, Luwinga:
Nditumiza uthengawo kudzera kwa mlongo wanga amene amabwera ku Nkhata Bay kudzagula katundu wa okala. Munditumizire kumbali mayina a anthu onse ndi tsiku limene mukuyembekeza kufika ku Ruarwe, ndipo munene ngati pali wina amene sadya nsomba, kuti akonzeretu ndiwo zina.